Kulondola Mbiri ya Tchalitchi Chakale cha Anglican m'Tauni Yanu

Komiti ya chikondwerero ikakhala pansi kuti ilembe mbiri ya tchalitchi, kawirikawiri wina amangotumidwa kukawerenga chaka chimene chili pamwala wa pakhoma, n'kuchotsera pa chaka chino, mawa lake nsalu zapita kale kokadinda. Cholakwa choyamba chimabadwira pomwepo. Chaka cha pakhoma ndi cha nyumba, pamene mpingo umakhala utayamba kale pansi pa mtengo kapena m'kasukulu ka udzu.

Taonani za Likoma. Amishoni a UMCA, bungwe la mishoni la Anglican lochokera ku Britain, anakhazikika pachilumbapo mu 1885. Mwala wa maziko wa St Peter's Cathedral unaikidwa mu 1903, pamalo otchedwa Chipyela pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Nyumbayo inadalitsidwa n'kuyamba kugwira ntchito mu 1905, koma inapatulidwa mu 1911. Zaka zinayi zonsezi n'zoona, ndipo munthu akhoza kukangana ndi mnzake mpaka dzuwa kulowa aliyense ali ndi chaka cholondola m'manja. Choncho musanatsegule buku lililonse, gwirizanani pa komiti kuti mukufuna chaka cha chiyani: kufika kwa mphunzitsi woyamba, ubatizo woyamba, kuikidwa kwa mwala, kapena kupatulidwa. Kudalitsa ndi kupatula ndi miyambo iwiri yosiyana, ndipo mwa chizolowezi cha Anglican nyumba imapatulidwa ikatha kumangidwa ndiponso ngongole zake zikabwezedwa, n'chifukwa chake pamakhala mpata wa zaka.

Mafupa a mbiri amene muyenera kuwadziwa pamtima

Pali zaka zingapo zimene zimakuthandizani kugwira bodza msanga. UMCA inabadwa potsatira mawu amene David Livingstone analankhula ku Cambridge mu Disembala 1857. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861 ndipo anamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Amene anamulowa m'malo, William Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo panapita zaka zambiri amishoni asanabwerere kuno. Anabwerera kudzera kum'mawa kwa nyanja: William Percival Johnson anafika kunyanja mu 1882, sitima ya Charles Janson inalowa m'madzi mu 1885, ndipo ya Chauncy Maples mu 1901. Dayosizi ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1892. Wina akakuuzani kuti tchalitchi cha njerwa cha kwanu chinamangidwa ndi Mackenzie kapena m'ma 1870, dziwani kuti nkhani ziwiri zaphatikizana penapake.

Nkhotakota ndi chitsanzo chabwino cha kuphatikizana kumeneku. Pafupi ndi mishoni pali mtengo umene anthu amaloza kuti Livingstone anakambiranapo ndi Jumbe za malonda a akapolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, ndipo alendo ambiri amachoka akuganiza kuti mishoniyo anayambitsa ndi Livingstone. Iye anamwalira mu 1873. Mishoni ya Kota Kota, monga ankalembera nthawi imeneyo, inatsegulidwa mu 1894 ndi wansembe Arthur Fraser Sim, amene anamwalira chaka chotsatira. Chaka chomwecho cha 1895, Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene ubishopu ku London, anamira panyanja mu Seputembala ngalawa yake itagubuduzika ndi mphepo, ndipo manda ake ali ku tchalitchi cha All Saints konko. Mtengo, mishoni ndi manda zili pabwalo limodzi, koma pakati pa mtengo ndi mishoni pali zaka zoposa makumi atatu.

Dziwaninso mtundu wa tchalitchi chanu. China chinali cha mishoni, chokhala ndi sukulu, chipatala ndi midzi yozungulira. China, makamaka m'matauni a boma monga Zomba ndi Blantyre, chinamangidwa poganizira azungu a m'maofesi ndi a m'maesiteti, mapemphero ake a Chingerezi. Mapepala a mitundu iwiriyi sapezeka malo amodzi, ndipo mafunso ake ndi osiyana. Pa cha mtundu wachiwiri funso lalikulu ndi lakuti Amalawi anayamba liti kupempheramo, nthawi yanji, ndipo ankakhala mbali iti.

Mphika wa mbiri umakhala pa mafuwa atatu: mapepala, nyumba yeniyeniyo, ndi pakamwa pa anthu. Mfundo imene yatsamira pa fuwa limodzi musaikhulupirire msanga.

Mabuku a m'kabati

Yambani ndi kupempha chilolezo kwa wansembe wa parishi ndi akuluakulu a mpingo, ndipo chilolezocho chilembedwe. Mabuku a kaundula ndi katundu wa mpingo, ndipo sayenera kutuluka pabwalo la tchalitchi ngakhale usiku umodzi. Mabuku ambiri amene anasowa sanabedwe. Anabwerekedwa ndi munthu wa zolinga zabwino amene kenako anasamuka kapena anamwalira, ana ake n'kuyatsira moto.

Muyembekezere kupeza kaundula wa ubatizo, wa osanjikidwa manja ndi bishopu, wa maukwati, wa maliro, ndi buku la mapemphero m'mene wansembe amasaina tsiku lililonse la Misa n'kulemba chiwerengero cha olandira Ukaristia ndi chopereka. Mukachita mwayi mupezanso buku la zochitika pamishoni, limene ankalitcha log book, ndi mabuku a misonkhano ya akuluakulu. Tsiku loyamba musawerenge nkhani, ngakhale zikome bwanji. Ingolembani mndandanda: mtundu wa buku, tsiku loyamba ndi lomaliza lolembedwamo, kuchuluka kwa masamba, ndi mmene lilili. Mukatero mipata imaonekera yokha. Ngati buku la ubatizo limene muli nalo likuyambira pa nambala 812, ndiye kuti panali lina patsogolo pake lokhala ndi maina 811, ndipo funso n'lakuti lili kuti. Nthawi zambiri limakhala ku mishoni yaikulu imene inkayang'anira tchalitchi chanu chisanakhale parishi payokha, chifukwa wansembe ankayenda ndi buku pobatiza m'midzi n'kubwerera nalo.

Pogwira mabuku sambani m'manja, pukutani mouma, osadzola mafuta. Patebulo pakhale pensulo yokha. Bolopeni ikangodontha kapena kukhudza tsamba, chizindikirocho n'chamuyaya. Buku lakale musalitsegule mpaka kugona chafufumimba patebulo, msana wake umathyoka. Ikani mapilo awiri ang'onoang'ono kapena nsalu zopinda mbali zonse kuti litseguke pang'ono chabe kuposa ngodya ya khoma. Osanyowetsa chala ndi malovu potembenuza tsamba. Inki ya makedzana ija imene imasanduka yofiirira imadya pepala, moti pamene cholembera chinatsindika kwambiri pamakhala ngati pabooka. Tsamba lotere litembenuzeni mutalowetsa pepala loyera pansi pake.

Foni wamba ikwanira kujambula. Khalani pakhonde pamthunzi kapena pafupi ndi zenera m'mawa, zimitsani fulashi, gwirani foni molunjika pamwamba pa tsamba kuti mizere isapendekeke. Jambulani chikuto, msana wa buku, ndi tsamba lililonse ngakhale lopanda kanthu, chifukwa wodzaona zithunzizo pambuyo pake afunika kudziwa kuti simunadumphe. Mukajambula masamba khumi, imani mukuze chithunzi chimodzi muone ngati tizilembo tating'ono tikuwerengeka. Buku la masamba 200 limatha pa maola awiri kapena atatu ngati muli awiri, wina kutembenuza wina kujambula, ndipo zithunzi zake sizidutsa gigabaiti imodzi. Madzulo omwewo zisamutsireni pa kompyuta, mupatse chithunzi chilichonse dzina la buku ndi nambala ya tsamba, ndipo musunge malo atatu osiyana. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati dokyumenti. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachichepetsa ndipo zilembo zofooka zimafufutika.

Zowononga mabuku n'zodziwika: chiswe, mphemvu, makoswe, denga lodontha, ndi anthu okonza mwachikondi. Selotepi pakapita zaka imauma, n'kusiya banga lachikasu limene limalowa m'pepala. Masitepulo ndi mapini amachita dzimbiri. Kumata tsamba ndi pulasitiki pamakina otentha n'koipa kuposa zonsezi, popeza sikubwezeka. Tsamba long'ambika liikeni pakati pa mapepala awiri oyera m'foda, basi. Buku limene lanyowa liimikeni motsegula pamthunzi podutsa mphepo, muziika mapepala oyera pakati n'kumasintha akanyowa. Padzuwa limapindika n'kuuma ngati chikopa. Ngati lachita chuku, lidikireni liume, kenako mulisese panja ndi kaburashi kofewa mutavala chotchinga kukamwa ndi mphuno. Kabati ikhale yachitsulo, yokwezedwa masentimita 15 kuchoka pansi, yosagunda khoma, kuti mseu wa chiswe uzionekera. Musamange mabuku m'majumbo. Jumbo imatsekera chinyontho mkati, ndipo nyengo ya dzinja imodzi ndi yokwana kuti masamba amatirirane.

Powerenga, maina ndiwo amasokoneza kwambiri. Munthu mmodzi akhoza kulembedwa ndi dzina la kumudzi m'buku la ophunzira, dzina la ubatizo monga Petro, Yohana kapena Mariamu m'kaundula, ndipo paukwati n'kuwonjezera dzina la bambo ake. Mfunda nthawi zambiri sulembedwa. Kalembedwe kamasinthanso ndi dzanja la wolemba: mzungu wina ankasiya h, wina ankasinthanitsa l ndi r, ndipo aphunzitsi oyamba ambiri anaphunzira ku Zanzibar, choncho mawu a Chiswahili monga padre, shemasi ndi mwalimu mudzakumana nawo. Koperani dzina mmene lalembedwera, zilembo zake zomwezo, ndipo kalembedwe ka lero kaikeni m'danga lina. Mukakonza pokopera, mwataya umboni. Chomwechonso ndi malo: Kota Kota ndi Nkhotakota, Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Jameson ndi Chipata. Pofufuza pa intaneti kapena m'makatalogu, dzina lakale ndi limene limatulutsa zinthu.

Musaganize kuti tsiku la ubatizo woyamba ndilo chiyambi. Ku UMCA munthu ankayamba ngati womvera mawu, kenako n'kulandira mtanda monga wophunzira za ubatizo, ndipo pankapita zaka asanabatizidwe. Ubatizo wa akuluakulu khumi tsiku limodzi ukutanthauza kuti mphunzitsi wina anakhala pamudzipo nthawi yaitali m'mbuyomo. Yang'anani danga la mboni kapena oimira obatizidwa. Dzina limene likubwerezabwereza pamenepo kawirikawiri ndi la mphunzitsi uja kapena mkazi wake, ndipo mwina ndi malo okhawo amene dzina lake linalembedwa.

Ndalama za m'mabuku a chopereka zisanafike 1971 zili mu mapaundi, mashiling'i ndi mapeni: mapeni 12 ndi shiling'i imodzi, mashiling'i 20 ndi paundi imodzi. Kwacha itabwera mu 1971, paundi imodzi inali K2. Musayese kusandutsa ndalamazo kukhala makwacha a lero. Zifanizireni ndi zina za m'buku lomwelo, monga malipiro a mphunzitsi pamwezi kapena mtengo wa lata limodzi, owerenga amva msanga.

M'mabuku amenewa mulinso zinsinsi: amene anaimitsidwa kulandira Ukaristia, chifukwa chake, ana obadwa kunja kwa ukwati. Zidzukulu za anthuwo zili m'tchalitchi momwemo Lamulungu lililonse. Zithunzi za masamba otere siziyenera kufika pa gulu la WhatsApp la mpingo kapena pa Facebook.

Kuwerenga nyumba

Tengani tepi yoyezera ya mamita 30, tochi yowala bwino, pepala la mizere ya timabokosi, ndi mnzanu mmodzi. Zungulirani kunja kaye, kenako mkati, mujambule pulani yapansi. Yezani mu mamita ndi mu mafiti momwe, chifukwa omanga a nthawi ya atsamunda ankaganiza mu mafiti ndi mainchesi. Fiti imodzi ndi masentimita 30.48. Mukapeza kuti mbali ina ya nyumba ikutuluka ndendende mafiti 60 pamene chipinda cha m'mbali chikutuluka ndendende mamita 5, mwadziwa kale kuti chipindacho n'chobwera pambuyo.

Makoma amanena zoona kuposa zikwangwani. Pamene nyumba inawonjezeredwa, njerwa zatsopano nthawi zambiri sizilumana ndi zakale, ndipo pamaoneka mzere woongoka kuchokera pansi mpaka kudenga. Yezani njerwa khumi mbali iyi ndi khumi mbali inayo. Zoumbidwa m'chikombole chimodzi zimafanana kutalika ndi kuchindikala, ndipo kusiyana kwa theka la inchi kokha kukusonyeza uvuni wina, mwinanso m'badwo wina. Kandani pang'ono pakati pa njerwa ndi chikhadabo pamalo obisika. Dothi limafumbutuka lofiira kapena lotuwa, laimu ndi woyera ndiponso wofewa, nthawi zina muli timiyala toyera tosapsa bwino, pamene simenti ndi yotuwa yolimba yosakandika. Yang'ananinso mazenera ndi zitseko zotsekedwa ndi njerwa, zimene zimaonekera bwino madzulo dzuwa likamawomba khoma chammbali. Denga lotsetsereka kwambiri limene lili ndi malata likhoza kukhala kuti poyamba linali la udzu, popeza udzu umafuna kutsetsereka kuti madzi asalowe. Ngati n'kotheka kuona kunsi kwa malata, funani chidindo cha kampani imene inawapanga.

Mkati, kaimidwe ka zinthu kali ndi tanthauzo. Guwa limakhala chakum'mawa, pobatizira chakumadzulo pafupi ndi khomo. M'matchalitchi a mishoni amuna ndi akazi ankakhala mbali zosiyana, ndipo osabatizidwa ankakhala kumbuyo n'kutuluka Ukaristia usanayambe. Kakhoma kakafupi, sitepe, kapena mabowo a pansi pamene panali mpanda, zikhoza kukhala zotsalira za dongosolo limeneli. Ngati guwa linasunthidwa kuchoka kukhoma kuti wansembe aziyang'ana anthu, pansi pamakhala chipsera cha malo ake akale.

Zolemba za pamiyala, pamkuwa ndi pamanda zikopereni mzere ndi mzere. Zilembo zofufutika musazipale ndi burashi yawaya, musazipake choko kapena penti. Thirani madzi oyera pang'ono, kapena bwerani kukada muwalitse tochi chammbali moyandikira mwala, zilembo zimatuluka ndi mithunzi yake. Zaka zina zimalembedwa m'manambala a Chiroma: MCMIII ndi 1903, MCMXI ndi 1911. A.M.D.G. si dzina la munthu, ndi chidule cha mawu a Chilatini opereka ulemerero kwa Mulungu. Belu nalo limakhala ndi chaka ndi dzina la amene analisula, koma chenjerani nalo. Mabelu ambiri anali mphatso zochokera ku matchalitchi a ku England kapena anachotsedwa pa sitima, choncho likhoza kukhala lakale kuposa nyumba. Pokwera kukaliona yesani kaye matabwa ndi nsonga ya sikuludiraiva, chifukwa thabwa lodyedwa ndi chiswe limaoneka lamoyo kunja. Valaninso chotchinga mphuno, fumbi la ndowe za mileme limadwalitsa chifuwa.

Apa tipatukeko pang'ono, chifukwa chikondwerero chimabwera ndi chilakolako chokonza nyumba, ndipo umboni wambiri umafera pamenepo. Khoma lomangidwa ndi dothi kapena laimu limapuma: chinyontho chimalowa n'kutulukanso. Mukalipaka pulasitala wa simenti kapena penti ya mafuta, madzi ochokera pansi amatsekeredwa mkati, amakwera, ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka kuseri kwa simentiyo mpaka chigamba chonse chidzagwe. Pokonza pakati pa njerwa gwiritsani laimu ndi mchenga, muyezo umodzi wa laimu pa miyezo itatu ya mchenga wosefa, munyowetse khoma musanayambe, ndipo mutchinge ndi masaka onyowa masiku angapo kuti zisaume mothamanga n'kung'aluka. Mdani weniweni amakhala madzi a padenga ogwera m'tsinde mwa khoma ndi dothi limene launjikana kukwera kuposa pansi pa mkati. Chotsani dothilo, kumbani ngalande, konzani malata odontha, theka la vuto latha. Ndipo nyumba yakale musaigwetse mbali kapena kuisintha musanafunse ku dayosizi ndi ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, popeza zina n'zotetezedwa ndi lamulo. Chilichonse chisanakhudzidwe, chijambuleni.

Pakamwa pa anthu

Fuwa limeneli ndi limene likutha tsiku ndi tsiku, choncho ngati nthawi ndi yochepa yambirani pano, mabuku adikira. Lembani maina a anthu khumi kapena khumi ndi asanu achikulire kwambiri, ndipo theka akhale amayi. Amayi a Mothers' Union ndi amene anasenza mchenga, madzi ndi njerwa, amakumbukira nyimbo, ndipo amadziwa anakwatira ndani kwa yani, koma pagulu la abambo sayankhula. Chezani nawo paokha. Musaiwale amene si a mpingo. M'tauni ngati Nkhotakota kapena Mangochi mabanja ambiri ali ndi Asilamu ndi Akhristu m'nyumba imodzi, ndipo nkhani ya mmene malo anaperekedwera imasungidwa kwa mfumu, osati ku vestile. Pitani kwa mfumu mwaulemu wake, osati chimanjamanja.

Pitani awiri, wina wofunsa wina wolemba ndi kuyang'anira foni yojambula mawu. Pemphani chilolezo chojambula, ndipo chilolezocho chimveke koyambirira kwa zojambulazo pamodzi ndi tsiku ndi malo. Foni ikhale pa nsalu, pafupifupi theka la mita kuchokera pakamwa pa agogo, kutali ndi wailesi ndi chigayo. Ola limodzi ndi lokwana. Kubwerako kachiwiri patapita sabata kumapindula kuposa kukhala tsiku lonse, chifukwa mukachoka m'pamene munthu amagona akukumbukira.

Funso la "chinali chaka chanji?" limabala yankho longopeka pofuna kukusangalatsani. Funsani kuti, "Agogo, pamene ankafolera malata, inu munali mutakwatiwa? Mwana wanu woyamba anali atabadwa?" Kenako kapezeni ubatizo wa mwanayo m'kaundula. Zochitika zazikulu nazo ndi zikhomo zabwino: nkhondo ya 1914, chimfine cha 1918, nkhondo ya 1939, njala ya 1949, chitaganya cha 1953 mpaka 1963, kumangidwa kwa anthu mu Malichi 1959, ufulu wa 1964. Mabishopu amathandizanso, popeza munthu saiwala amene anamusanjika manja. Akati Frank Thorne, ndiye kuti ndi pakati pa 1936 ndi 1961. Akati Donald Arden, ndi kuyambira 1961. Akati Josiah Mtekateka, Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, sizingakhale 1965 isanafike. Osamuikira munthu mawu m'kamwa pomufunsa kuti "si Padre uje anamanga?" Adzavomera mwaulemu. Tengani zithunzi zakale ngati zilipo, kapena yendani nawo pang'onopang'ono kuzungulira tchalitchi ndi kumanda. Manda ambiri a aphunzitsi alibe mwala, ndipo amene akudziwa kuti ndi mulu uti ndi anthu awiri kapena atatu okha. Jambulani mapu a manda tsiku lomwelo.

Kunja kwa parishi

Mapepala amatsata maofesi, choncho dziwani kuti tchalitchi chanu chinali pansi pa yani nthawi iliyonse. Mpaka 1971 dziko lonse linali dayosizi imodzi. Chaka chimenecho inagawika kukhala Lake Malawi ndi Southern Malawi, kenako Northern Malawi inabadwa mu 1995 ndi Upper Shire mu 2002. Makalata a parishi imene lero ili ku Upper Shire akhoza kukhala atatsalira kumene kunali likulu lakale. Komanso UMCA sinkaona malire a mayiko monga tikuwaonera lero. Msumba ndi Unangu zili ku Mozambique, Liuli kumene Johnson anaikidwa mu 1928 kuli ku Tanzania, ndipo aphunzitsi ankasamutsidwa uku ndi uku pa sitima. Wansembe Leonard Kamungu, amene anatumikirapo ku Nkhotakota, anakamwalirira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913.

Ku National Archives ku Zomba mukapeza mabuku a maboma ndi makalata a ma DC, othandiza pa nkhani za malo, masukulu ndi mikangano pakati pa mishoni zosiyana. Tengani kalata yochokera ku parishi ndi chiphaso, ndipo funsani malamulo ojambula musanatulutse foni. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. UMCA inaphatikizana ndi bungwe lina la mishoni la Anglican lotchedwa SPG mu 1965 n'kupanga USPG, ndipo makalata amene amishoni ankatumiza kwawo amasungidwa ku Bodleian Library ku Oxford. Ngati muli ndi mwana wa mpingo amene ali ku Britain, ntchito yomupatsa ndi imeneyi, koma mumutumizire dzina lakale la malo, zaka, ndi maina a ansembe, osangoti "kafufuzeni za kwathu". Magazini ya mishoni yotchedwa Central Africa, imene inayamba kutuluka mu 1883, inkalemba za kutsegulidwa kwa matchalitchi, moto, ndi maulendo a bishopu.

Zolemba za amishoni ziwerengeni mukudziwa amene ankalemberedwa. Zinkapita kwa anthu a ku England opereka ndalama, choncho mdima wa malo umakulitsidwa, ndipo mzungu amene anakhala miyezi isanu ndi itatu amatchulidwa dzina pamene mphunzitsi amene anakhala zaka makumi awiri amangotchedwa "the teacher", nthawi zina "boy" ngakhale ali ndi imvi. Ansembe monga Yohana Abdallah wa ku Unangu, Augustine Ambali wa ku Msumba ndi Petro Kilekwa, amene anagwidwa ukapolo ali mwana n'kudzakhala wansembe, akudziwika chifukwa anasiya zolemba zawo. Anzawo mazanamazana sanasiye. Mukawerenga kuti "tchalitchi chamangidwa ndi Padre wakuti", funsani kuti anaumba njerwa ndani, anaotcha ndani, mmisiri wa matabwa anali ndani. Mayankho ake amakhala m'buku la malipiro, m'danga la mboni lija, ndi kwa agogo.

Kulemba

Musanalembe chiganizo chilichonse, konzani tebulo la madanga anayi: chaka, chimene chinachitika, kumene mwachipeza, ndi mafuwa angati amene akuchichirikiza. Pa gwero lembani mwatchutchutchu, buku liti tsamba liti, kapena kucheza kwa tsiku liti. Mfundo ya mafuwa awiri kapena atatu ilembeni molimba mtima. Ya fuwa limodzi ilembeni pamodzi ndi mwini wake: "malinga ndi kaundula wa maliro", "monga akukumbukira achikulire a m'mudzi wakuti". Magwero akatsutsana, ikani onse awiri. Kawirikawiri mudzapeza kuti sakutsutsana n'komwe, wina akunena za tchalitchi cha udzu chimene chinapsa, wina za cha njerwa chimene chinamangidwa pambali pake.

Mndandanda wa ansembe upangeni kuchokera ku masaini a m'buku la mapemphero, osati pa chikwangwani cha pakhoma chimene chinalembedwa pokumbukira. Wosaina kamodzi kapena kawiri anali mlendo wodutsa. Pambali pake ikani mndandanda wa aphunzitsi, akatekisiti ndi atsogoleri a amayi, ngakhale ukhale ndi mipata. Mukamaliza, werengani zolembazo mokweza pamaso pa achikulire amene munacheza nawo musanapite kosindikiza, chifukwa dzina lolakwika la agogo a munthu likasindikizidwa, mlandu wake sutha ndi chikondwerero.

Kabuku ka masamba 24 mpaka 40 n'kokwanira, ndipo masamba akhale ogawika ndi 4 kuti osindikiza apinde bwino. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani amene ali pamenepo kuyambira kumanzere, malo, chaka, ndi mwini chithunzi. Kope imodzi ipite ku ofesi ya dayosizi, ina ku National Archives, ina ku sukulu ya pafupi. M'kabati yachitsulo ija muikemo makope awiri, pamodzi ndi tebulo la magwero losindikizidwa papepala, pulani ya nyumba, mapu a manda, ndi fulashi ya zithunzi ndi mawu. Fulashi imafa mwakachetechete, choncho wina apatsidwe udindo woitsegula chaka ndi chaka n'kukopera zonse pa ina yatsopano pakapita zaka zitatu kapena zinayi.